Waona Kapena Wamva?

Agogo anga aakazi ali ndi funso limene adzukulu awo tonse tidakula tikuliopa. Ukathamangira kwa iwo ndi nkhani, kaya ndi ya ng'ombe zimene zalowa m'dimba la eni, kaya ndi ya maliro kutsidya kwa mtsinje, iwo sagwira pakamwa modabwa monga achitira amayi ena. Amayamba akuyang'ana kaye, kenaka n'kufunsa kuti, "Waona kapena wamva?" Ukayankha kuti wamva, funso lachiwiri limakhala lili kale pamlomo: "Kwa yani? Nanga iyeyo waona kapena wamva?" Tili ana tinkati agogo ndi ovuta, nkhani yokoma amaizimitsa isanayake n'komwe. Mu Novembala 2023 funso lomweli lidandipeza ndili mnyamata wa kuyunivesite, ndipo ndidalizemba. Kuzemba kwangako kudawonongetsa mbewu ya mabanja asanu ndi awiri.

Kwathu ndi ku Nzama m'boma la Ntcheu, kumapiri a kufupi ndi malire a Mozambique. Anthu ambiri amadziwa dzinali chifukwa cha mishoni ya Katolika imene ansembe a chipani cha Montfort adakhazikitsa mu 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema. Kwa ife obadwirako, Nzama ndi minda ya m'malo otsetsereka, ya chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Mvula ya kumapiri ndi yatsankho. Imatha kugwa mbali ino ya chitunda mpaka madzi kusefukira m'mizere, pamene mbali inayo fumbi lili kobo. Munthu ataima pakhomo pake sangadziwe ngati imene yagwayo yagwa dziko lonse kapena ndi kamtambo kamodzi kongodutsa.

Chaka chilichonse mlimi amakumana ndi funso la tsiku lobzala, ndipo funsoli limaluma mbali zonse ziwiri. Ukafulumira n'kubzala ndi chizimalupsa, mbewu imamera n'kupserera, kapena imaolera pansi. Ukachedwa, chimanga chimakhwimira pa nthawi imene mvula yayamba kale kutsanzika. Akatswiri ambiri a zanyengo amati mvula yobzalira yayamba pakagwa mamilimita 20 kapena 25 m'masiku ochepa otsatizana, komanso pakapanda kubwera ng'amba yaitali pambuyo pake. Mfundo yoyambayo munthu angathe kuiyeza. Yachiwiriyo imadziwika masabata atatu kapena anayi atadutsa, mbewu ili kale m'nthaka. Choncho mlimi aliyense, wophunzira ndi wosaphunzira yemwe, amabzala mongoyerekeza. Kusiyana kwake kuli pa kayerekezedwe.

M'mudzi mwathu munalibe munthu wolengeza tsiku lobzala, ngakhale amfumu. Aliyense adali ndi kachidutswa kake ka umboni. Agogo aakazi mvula ikagwa amalawirira kumunda ndi khasu, n'kukumba pamwamba pa mzere, n'kulowetsamo dzanja. Akapeza dothi louma chikhato chisanamire chonse, amabwerera kunyumba osanena kanthu. Malemu agogo aamuna ankayang'ana kumene mphepo ikuchokera, ankamvetsera achule kudambo ndiponso ankafunsa ana ngati ngumbi zatuluka. Amayi pamjigo ankauzana za minda ya kumtunda ndi ya kumunsi. Kuchigayo kunkabwera anthu a midzi ina. Ogula mbatatesi ankabwera ndi nkhani za ku Tsangano, ndipo achibale a ku Angonia, tsidya la Mozambique, ankanena ngati kwawoko yagwa. Lamulungu Misa ikatha anthu sankafulumira kubalalika, ankaima timagulu panja pa tchalitchi, ndipo nkhani inkakhala yomweyo. Zikatero, m'masiku atatu kapena anayi mudzi wonse unkapezeka uli m'minda ndi mbewu m'manja. Ine ndinkaona ngati kumeneku n'kutsanzirana chabe.

Mu Novembala 2023 ndidapita kumudzi kukakhala nawo pa mwambo wovundukula chiliza cha agogo aamuna. Inali nthawi yowawa. Kumayambiriro kwa mwezi womwewo ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya mbewu ndi feteleza idakwera anthu akuona. Azakhali anga, amene amalera okha ana anayi, adakongola ndalama kubanki mkhonde kuti agule mbewu ya haibulidi. Timapaketi ta mbewuto adatisunga m'chipinda chogona, pansi pa bedi, ngati ndalama. Wailesi inkanenanso kuti chaka chimenecho kuli El Niño ndipo mvula ikhoza kuchepa, choncho aliyense adali ndi mtima woti mvula yeniyeni ikangoyamba asataye ngakhale tsiku limodzi.

Usiku wa tsiku la mwambolo kudagwa chimvula chamabingu. Kutacha abale tidakhala pabwalo tikumwa thobwa lotsala, ndipo amalume adanditembenukira nati, "Inu a kusukulu yaukachenjede, mafoni anuwo akuti bwanji? Yabwera kapena ikutinamiza?" Anthu adaseka, koma maso onse adali pa ine. Ndidatulutsa foni n'kutsegula pulogalamu ya zanyengo. Padali timitambo ta madontho tondondozana masiku khumi, ndi manambala a 70 ndi 80 peresenti pansi pake. Ndidaonetsa amalume. Ndidati, "Malume, iyi ndi yobzalira. Igwa sabata yonse ino mpaka yamawa." Sindidanene kuti pulogalamuyo ikuti mwina. Sindidanene kuti ulosi wotere umanena za dera lalikulu osati za chitunda chathu, kapena kuti ukapitirira masiku ochepa mphamvu yake imachepa. Zina mwa izi ndinkazidziwa, koma kuzinena kukadachepetsa kukoma kwa kumvedwa ndi akuluakulu amene dzana lomweli ankandituma kukatunga madzi.

Agogo adali chapatali akusenda nyemba. M'mawa umenewo adali atapita kale kumunda ndi khasu lawo. Adandiitana ndi dzina limene amanditcha mwanthabwala chibadwire changa. "Amuna anga, tabwerani kuno. Mvula yamawayo mwaiona kapena mwamva?" Ndidati, "Agogo, izi ndi za makina. Amajambula mitambo kuchokera kumwamba." Iwo adati, "Ndiye kuti makinawo aona. Nanga inu?" Ndidaseka n'kunena kuti masiku ano zinthu zidasintha. Sadalimbane nane. Adangonena chapansipansi kuti pamzere pawo chinyezi chalekera m'zala, n'kupitiriza kusenda nyemba zawo.

Zimene zidachitika masana a tsikulo ndidazilondola bwino patapita miyezi, pofunsa mmodzimmodzi. Amalume adauza anzawo awiri pamaliro a m'mudzi woyandikana nawo. Amayi anga adanena pamjigo. Azakhali sadali pabwalo pamene ndinkalankhula, koma pofika madzulo adali atamva nkhaniyi katatu. Adamva kwa amalume. Adamvanso kwa mayi wina woyandikana naye nyumba, amene adaitola pamjigo. Kachitatu adamva kwa bambo wina wa mumphakati wawo, amene adachokera nayo kumaliro kuja. Azakhali si munthu wopupuluma. Adandiuza okha kuti akadamva kwa ine ndekha akadadikira. "Koma mwana wanga, anthu atatu osiyana, a mbali zitatu, onse kunena chimodzimodzi. Ndikadatani?" Mawa lake adasolola mapaketi aja pansi pa bedi.

Mabanja asanu ndi awiri adabzala m'masiku awiri amenewo. Kudawaza kamvula kamodzi tsiku lachitatu, basi. Kenaka kudachita dzuwa loswa mtengo kwa masabata awiri ndi theka. Chimanga chidamera ndithu, timasamba tiwiri tosongoka, kenaka tidapotana n'kuyera ngati udzu wofolerera. M'maphando ena simudatuluke kanthu. Anthu a tsidya lina la mtsinje, amene uthenga wanga udawafika mochedwa, adayamba aona kuti kumwamba kwayera ndipo adasunga mbewu yawo. Ine nthawi imeneyo ndidali nditabwerera ku Zomba. Amayi adandiuza pafoni mosakweza mawu, ndipo pomaliza adati, "Palibe akukunena, usadandaule." Ndidadziwa kuti akundinena.

Ndidakhala masiku angapo wosasangalala mpaka mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, amene amaphunzira masamu ndi zamakompyuta, adandifunsa chimene chandidya. Nditamufotokozera adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Aise, zimene wanenazi zili m'mabuku athu. Mudzi wanuwo ndi netiweki, ndipo iwe udaiwononga m'njira imene ili ndi dzina lake." Ndidaganiza kuti akundiseka. Adatenga pepala n'kujambulapo timadontho tolumikizana ndi mizere. Dontho lililonse lidali munthu, mzere uliwonse udali anthu awiri amene amalankhulana. Usiku umenewo ndi mausiku ena otsatira adandiphunzitsa zinthu zimene ine, wophunzira zilankhulo ndi zolembalemba, sindinkaganiza kuti zingandikhudze.

Adayamba ndi nkhani ya ng'ombe. Mu 1906 pa chionetsero cha ziweto ku Plymouth, m'dziko la England, padali mpikisano woyerekeza kulemera kwa nyama ya ng'ombe ina ikaphedwa n'kusendedwa. Aliyense ankalemba nambala yake pakapepala. Francis Galton adatenga timapepala 787 n'kutisanja kuyambira nambala yaing'ono mpaka yaikulu. Malinga ndi zimene adasindikiza mu 1907, nambala ya pakati penipeni idali mapaundi 1,207, pamene nyamayo idalemera mapaundi 1,198. Ambiri mwa anthuwo adaphonya, ena mopitirira, ena moperewera, koma zophonya zawo zidafafanizana. Chinsinsi chake n'chakuti aliyense adayang'ana ng'ombeyo ndi maso ake n'kulemba zake. Akadakhala kuti onse adakopera kwa munthu mmodzi wovala bwino, timapepala 787 tikadakhala kapepala kamodzi kolembedwa ka 787.

Koma ku Plymouth kudali Galton wosonkhanitsa timapepala. Funso limene akatswiri akhala akulimbana nalo ndi lakuti, nanga ngati wosonkhanitsayo palibe? Ngati aliyense amangolankhula ndi oyandikana naye okha, kodi gulu lingafike pa yankho limodzi labwino? Mu 1974 Morris DeGroot adaonetsa ndi masamu kuti lingathe kugwirizana. Mnzanga adandipatsa chitsanzo ichi. Anthu atatu akuyerekeza matumba amene munda utulutse. Woyamba akuti 10, wachiwiri 16, wachitatu 22. Woyamba ndi wachitatu sakumana, aliyense amangocheza ndi wachiwiri. Akacheza, aliyense amasunthira pakati pa nambala yake ndi ya mnzake. Woyamba afika pa 13, wachitatu atsikira pa 19, wachiwiri akhalabe pa 16. Akachezanso mawa, woyamba ali pa 14 ndi theka, wachitatu pa 17 ndi theka. Posakhalitsa onse ali pa 16, ngakhale kuti awiri a kumapetowo sadaonanepo. Mu 1984 John Tsitsiklis, polemba za digiri yake ya udokotala ku MIT, adaunika mmene makompyuta ambiri angagwirire ntchito imodzi mwanjira yotereyi popanda kompyuta yaikulu yowalamula. Lero nzeruzi zimagwira ntchito pa timakina timene amatimwaza m'dera kuti tiziyeza kutentha kapena chinyezi, pa madroni ouluka m'gulu, ndiponso poyendetsa magetsi. Mu 2017 kampani ya Google idalengeza kuti ikuyesa njira yofananako pa kiyibodi yake ya Gboard: foni iliyonse imaphunzira payokha kuchokera ku zimene mwini wake amachita, n'kutumiza zimene yaphunzirazo osati mauthenga ake, ngakhale kuti apo pamakhalabe makina a pakati ophatikiza.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri ndi njira imene Ali Sayed adaifotokoza m'buku lake la mu 2014 lotchedwa Adaptation, Learning, and Optimization over Networks. M'njira ya DeGroot anthu amangosinthana maganizo amene adali nawo poyamba, palibe wobwerera kukayang'ananso munda. M'njira imene Sayed ndi anzake amaitcha diffusion, dontho lililonse limachita zinthu ziwiri mobwerezabwereza. Choyamba, limayeza lokha chimene lili nacho pafupi n'kukonza ganizo lake. Chachiwiri, limaphatikiza ganizolo ndi la oyandikana nalo. Likatero limabwerera kukayezanso. Chifukwa chakuti umboni watsopano ukulowabe tsiku ndi tsiku kudzera m'madontho onse, gululo limatha kutsatira chinthu chimene chikusinthasintha, monga mmene gulu la usipa limakhotera lonse pamodzi m'nyanja popanda mtsogoleri. Mnzanga akufotokoza, ine ndinkaona agogo atawerama pamzere dzanja lili m'dothi. Limenelo ndi gawo loyamba. Mjigo, chigayo ndi bwalo la tchalitchi ndi gawo lachiwiri. Chimene ndinkachitcha kutsanzirana chidali ndi miyendo iwiri, ndipo ine ndinkaona umodzi wokha.

Ndiye ndidalakwa pati? Mnzanga adati ndidalakwa pawiri. Kulakwa koyamba ndi kwa kulemera kwa mawu. Pophatikiza maganizo, munthu sapereka sikelo yofanana kwa aliyense, ena amawakhulupirira koposa. M'chitsanzo cha matumba chija, ngati woyamba ndi wachiwiri aona kuti wachitatuyo ndi wophunzira n'kumasunthira kwambiri kwa iye, iye osasuntha, onse atatu adzagwirizana pa 22, ngakhale mundawo utati utulutse 12. Benjamin Golub ndi Matthew Jackson adaonetsa mu 2010 kuti gulu lophunzira mwanjira imeneyi limafika pa choona pokhapokha ngati palibe munthu kapena kagulu kochepa kamene mawu ake akulemera mopitirira muyeso. Kugwirizana kokha si umboni wakuti anthu alondola. Ine mawu anga adalemera tsiku limenelo osati chifukwa ndidalosako mvula n'kulondola. Adalemera chifukwa cha dzina la sukulu imene ndimaphunzira, kumene, kunena zoona, ndimaphunzira za aneni ndi alembi osati za mitambo. Mwinanso adalemera chifukwa mpando wa agogo aamuna udali wopanda munthu. Iwo akadakhalapo akadanditsutsa pabwalo pomwepo, zimene agogo aakazi, pamaso pa alendo a pamwambo, sadafune kuchita.

Kulakwa kwachiwiri ndiko kudagwetsa azakhali. Mu netiweki imene mizere yake imazungulira n'kukumananso, uthenga umodzi umatha kuchoka pa dontho limodzi, kuyenda njira zitatu, n'kukafika pa dontho lina ngati mauthenga atatu. Wolandirayo amawerenga umboni umodzi katatu, ndipo amakhala wotsimikiza kuposa mmene umboniwo ukulolera. Akatswiri a makina ophatikiza mauthenga amalitcha vutoli data incest, dzina losalongosoka limene likufanizira ndi kukwatirana pachibale, koma likunena zoona: maumboni atatu a azakhali adali ana a bambo mmodzi, ndipo bamboyo idali foni yanga. Mankhwala ake pa makina ndi akuti uthenga uliwonse uziyenda ndi chizindikiro cha kumene wachokera, kapena wolandirayo aziyamba wakayikira kuti mwina zimene akumvazi ndi zapachibale, n'kusaziwerenga mowirikiza.

Kudikira maumboni angapo si khalidwe la azakhali okha. Lori Beaman, Ariel BenYishay, Jeremy Magruder ndi Mushfiq Mobarak adachita kafukufuku m'midzi 200 ya m'maboma a Machinga, Mwanza ndi Nkhotakota, ndipo zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2021. Ankafuna kudziwa mmene ulimi wobzala chimanga m'maenje ungafalikire. M'mudzi uliwonse ankaphunzitsa alimi awiri okha, koma kasankhidwe ka awiriwo kankasiyana. Adapeza kuti alimi ambiri sasintha kalimidwe chifukwa chomva kwa munthu mmodzi, amafuna kumva kwa anthu oposa mmodzi, ndipo njirayo inkafalikira bwino pamene alimi awiri ophunzitsidwawo adasankhidwa poyang'ana malo awo pa ukonde wa maubale a m'mudzimo. Ine ndikawerenga zimenezi ndimaona kuti alimi athu adadziikira okha chotchinga chanzeru: mawu a munthu mmodzi sabzalitsa. Koma chotchingacho chili ndi kachibowo. Chimawerenga pakamwa, sichiwerenga maso. Pakamwa patatu pakhoza kukhala ndi diso limodzi kumbuyo kwake, kapena kusakhala nalo n'komwe.

Apa m'pamene maphunziro anga adakumana ndi a mnzanga uja. M'kalasi ya sayansi ya zilankhulo tidaphunzira za evidentiality, kutanthauza njira zimene chilankhulo chimasonyezera kumene wolankhula wazitenga zimene akunena. Alexandra Aikhenvald adalemba buku lathunthu pa mutuwu mu 2004. Pali zilankhulo, monga Quechua ya ku South America, zimene zili ndi timaphatikizo tosonyeza ngati wolankhula waona yekha, wamva kwa wina, kapena akungoganizira. Mu Tuyuca, chilankhulo cha ku malire a Colombia ndi Brazil, mneni amayenera kukhala ndi chizindikiro chotere. Nditamuuza mnzanga, adaomba m'manja nati chimenecho ndicho chizindikiro cha kumene uthenga wachokera chimene iwo amavutika kuchiika m'makina. Chichewa sichitikakamiza chotero. Tili nawo mawu ake: akuti, ati, ndamva kuti, zikumveka kuti, ndaona ndi maso angawa. Koma ndi mawu ongowonjezera, ofuna ukawafuna. Ndiponso "akuti" ali ndi ulesi wake. Amavomera kuti nkhaniyo ndi ya wina, koma mwini wakeyo samutchula. Ndani akuti? Akuti basi.

Nditabwerera kumudzi pa tchuthi ndidafunsa anthu aja mawu enieni amene adanena ndi amene adamva, monga tichitira pa kafukufuku wa m'kalasi. Sindikunama kuti aliyense adakumbukira ndendende, koma njira yake idaoneka. Foni idati mwina. Ine ndidati, "Igwa sabata yonse." Amayi pamjigo adati, "Mwana wanga waona pafoni kuti igwa sabata yonse." Mayi woyandikana ndi azakhali adati, "Akuti igwa sabata yonse." Bambo wa kumphakati, amene adali wachitatu pa mzere wake, adangoti, "Mvulayi yayamba, anthu akubzala." Pa sitepe iliyonse kanthu kena kankagwa m'njira. Poyamba padagwa "mwina", ndipo amene adamugwetsa ndine. Kenaka idagwa foni, kenaka mwana, pomaliza ndi "akuti" yemwe. Chofika kwa azakhali chidali chiganizo choyera, chooneka ngati cha munthu amene walowetsa dzanja m'dothi. Ndimaona kuti funso la agogo lija limagwira ntchito imene galamala yathu idaisiyira wolankhula. Iwo amatola zimene zagwa m'njira n'kuzibwezera pa chiganizo, mpaka atapeza munthu amene adaona, kapena atapeza kuti palibe.

Ena amene ndidawafotokozera nkhaniyi adafulumira kunena kuti ndiye kuti nzeru za makolo zimaposa za mafoni. Ine sindikuvomereza. Makina a mumlengalenga amaona mitambo ili ku nyanja ya mchere, kumene khasu la agogo silifika, ndipo chenjezo la El Niño lidali loona. Foni ikadalowa m'mudzi ngati liwu limodzi pakati pa mawu ena, lonena poyera kuti ndine foni ndipo ndikuti mwina, ikadathandiza. Komanso mudzi pawokha umaphonya. Anthu a tsidya la mtsinje amene adadikira adabzala bwino mu Disembala, koma ng'amba ya kumayambiriro kwa 2024 idapeza chimanga chawo chikumasula, ndipo adakolola zochepa ngati ife tomwe. Pa 23 Malichi 2024 a Lazarus Chakwera, amene adali mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Palibe mjigo kapena chigayo chimene chikadaletsa zimenezo. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo adataya kamodzi, pamene mabanja asanu ndi awiri aja adataya kawiri, ndipo kutaya koyambako kudali kopeweka.

Agogo sadanditsatire, komanso sadandikane kotheratu. Adabzala kachigawo kakang'ono ka kumunsi kwa munda, kumene chinyezi chimakhalitsa, ndipo mbewu yawo yambiri, ya chimanga cha makolo chimene amasankha okha pokolola n'kuchipachika pamwamba pa moto m'khitchini, adaisunga. Ndikaganiza bwino, adandipatsa sikelo yondiyenera: liwu limodzi, la munthu amene wamva. Mvula itabweranso mu Disembala, mbewu yosungidwayo ndi imene idagawidwa m'timbale kwa mabanja anayi mwa asanu ndi awiri aja. Enawo adakagwira ganyu kuti agule ina. Azakhali ngongole ya kubanki mkhonde idawatsalira ndi chiongoladzanja chake, ndipo adagulitsa mbuzi ziwiri, imodzi ili ndi bere. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikupatula pang'ono pa ndalama yanga yodyera kusukulu n'kumawatumizira. Nthawi zonse amakana kaye, kenaka amalandira. Mbuzi imodzi tidabweza. Inayo sinabwerere.

Mu 2024 ndidadula botolo la pulasitiki, n'kulembapo mizere ndi rula, n'kulikhomera pamtengo pakati pa bwalo la agogo. Msuweni wanga wa sitandade 7 ndiye amawerenga madzi m'mawa uliwonse n'kulemba m'kope. Ana a m'midzi ina iwiri adapanga awo ataona lathu, ndipo Lamulungu amafananitsa manambala awo panja pa tchalitchi, akukangana kuti botolo la wina ndi lopindika. Agogo botololo amalilemekeza pang'ono chifukwa, mwa mawu awo, limagona panja ndipo limanyowa lokha. Koma kumunda ndi khasu amapitabe.

Chakumapeto kwa Novembala chaka chimenecho foni yanga idalira m'mamawa ndili ku Zomba. Adali msuweni uja, ndipo adati agogo akufuna kundilankhula.

"Amuna anga, mwadzuka bwanji? Kuno yagwa usiku. Botolo la mwanayu likuti 22. Pamzere dzanja lamira mpaka pamfundo. A ku Angonia akuti kwawonso yagwa, ndipo amene wanenayo wachokera komweko dzulo, matope ali kumiyendo. Nanga makina anu aja akuti bwanji?"

Ndidatsegula pulogalamu ija. Ndidati, "Agogo, makinawa akuti mwina igwa masiku atatu akubwerawa. Za kupitirira apo musawamvere. Ndipo ine sindinaone kanthu, ndangowerenga."

"Chabwino," adatero. "Musauze amalume anu. Ndiwauza ndekha, ndikabwerako kuchigayo."